MBULU WA GOLIDI NDI MUTU WOBVULALA

 Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Mwamuna atsika m'mgodi m'mawa ali bwino-bwino, mwala uthothoka kudenga numgwera pamutu. Mai akwera basi kunka ku msika, basi igubuduzika. Mwana akwera mtengo wa mango, nthambi ithyoka. Tsiku lotere likafika pa khomo panu, abale asonkhana, ndipo yense abwera ndi nzeru yace. Masiku ano pakati pa nzeruzo pamvekanso iyi: "Gulani mankhwala a ku China, aja adzutsa ndi okomoka omwe." Nkhani yanga lero ndi ya mankhwala amenewo: kumene anacokera, zimene ziri m'kati mwace, ndi malo ace eni-eni posamala munthu wobvulala ubongo.

Ndiyambe ndi nkhani imene inawachukitsa. Pa 10 May 2002 sitima ya pamtunda yocokera ku London inacoka pa njanji pa siteshoni ya Potters Bar ku England, ndipo anthu 7 anafa. Mwa obvulala munali mai wina dzina lace Liu Hairuo, wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema ya Phoenix ya ku Hong Kong. Anzace awiri a paulendo anafa pa ngoziyo. Iye anabvulala koopsa m'mutu, nagona cikomokere m'cipatala ca ku London pafupi-fupi mwezi wathunthu. Manyuzi a ku China analemba kuti ubongo wace wafa. Dotolo wa maopaleshoni a ubongo wa ku Beijing, mai Ling Feng, anapita kukamuona, napeza kuti ubongowo unali ndi moyo ndithu. M'mwezi wa June anamnyamula pa ndege kunka naye ku cipatala ca Xuanwu ku Beijing. Kumeneko anamsamala ndi nzeru za cipatala ca masiku ano pamodzi ndi nzeru za makolo a ku China: kumbaya tinsingano, kumtikita thupi, ndi kumpatsa mankhwala a zitsamba. Mwa mankhwalawo munali mbulu wochedwa Angong Niuhuang, waukulu ngati nthudza, wokutidwa ndi golidi wopyapyala. Patapita miyezi ngati 3 cicitikire ngozi, maiyo anatsitsimuka nayamba kulankhula, ndipo pambuyo pace anayendanso. Mbiri inawanda dziko lonse la China kuti mbulu wa golidi wadzutsa wakufa.

Kodi mbuluwo ndiwo unamciritsa? Funso limeneli tiliike pambali poyamba, tidzalipezanso kutsogolo. Tiyambe taona cimene cicitika m'mutu wa munthu wobvulala.

Ubongo wa munthu wamkulu ulemera mapaundi ngati 3, ndipo uli wofewa ngati phala lozizira. Ukhala m'cibade, ndipo cibade ndi mphika wa pfupa wosatanuka. Mkono ukatupa, khungu litanuka nilipatsa malo cotupaco. Ubongo ukatupa ulibe kothawira. Cifukwa cace kubvulala kwa m'mutu kudza kawiri. Koyamba ndi kugunda kweni-kweniko kwa mwala, kumene kudula timitsempha ta ubongo pa kamphindi, ndipo zimene zaduka pamenepo palibe mankhwala pa dziko lapansi angazilumikize. Kaciwiri ndi zimene zitsata m'maola ndi masiku a pambuyo: ubongo utupa, mwazi ukha m'kati mwa cibade nuundana, ndipo zonsezi zifinya ubongo kufikira mwazi wabwino ulephera kufikako. Nkhondo yonse ya dotolo iri pa kubvulala kwaciwiriku.

Pambali pa mutu, pakati pa diso ndi khutu, pfupa liri lopyapyala, ndipo pansi pace padutsa mtsempha wa mwazi. Munthu akagundidwa pamenepo angakomoke pang'ono, nadzuka, nasansa pfumbi, naseka ndi anzace kuti, "Mutu wanga ngwolimba." Apita kunyumba, adya nsima. Koma mtsempha uja uli kukha m'kati, osaoneka. Patapita maola ocepa mutu uyamba kumpweteka kwambiri, asanza, tulo timgwira, ndipo a m'nyumba ati, "Msiyeni apumule, watopa." M'mawa sadzuka. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Munthu wotere akafika msanga ku cipatala, dotolo aboola cibade, acotsa mwazi woundanawo, amanga mtsemphawo, ndipo kawiri-kawiri mwamunayo abwerera ku nchito yace. Kufulumira ndiko kupulumuka. Mu 1981 madotolo a ku Richmond ku America analemba za odwala 82 okomoka amene anali ndi mwazi woundana pamwamba pa ubongo. Mwa amene anacitidwa opaleshoni asanathe maola 4, anafa 30 mwa 100 ali onse. Mwa amene anacedwa kupitirira maola 4, anafa 90 mwa 100. Musunge mau awa: palibe muzu, palibe tsamba, palibe mbulu umene ungayamwe mwazi wotere pa maola 4.

Tsopano tiwoloke nyanja, tikaone asing'anga a ku China, ndipo tisawapeputse ai. Anthu amenewa alemba nzeru zao m'mabuku zaka zoposa 2,000. Sing'anga wina wochuka, Li Shizhen, anatha zaka 27 ali kusonkhanitsa mankhwala ndi nchito zace, ndipo buku lace, limene linasindikizidwa mu 1596 iye atafa kale, lifotokoza mankhwala 1,892, a mitengo, a nyama ndi a miyala. Mwa amenewo muli muzu wochedwa sanqi, wolimidwa ku mapiri a Yunnan, umene asilikari anali kuthira pa mabala a nkhondo.

Mbulu wa golidi uja unadza pambuyo. Anaukonza ndi Wu Jutong, amene anatsiriza buku lace mu 1798. Taonani bwino apa: Wu Jutong sanali kuganiza za munthu wogwedwa ndi mwala pamutu. Iye anali kulimbana ndi miliri ya kutentha thupi, imene wodwala abwebweta nayo mpaka kukomoka. Pa ciphunzitso cao, kutentha kotere kulowa kumtima nikutseka makomo a nzeru, ndipo mbuluwo ndiwo mfungulo. Iye anaikamo zinthu 11: mwala wopezeka m'ndulu ya ng'ombe, nyanga ya cipembere, ngale, mafuta onunkhira a kanyama konga gwape, utomoni wonunkhira wa mtengo, mizu ndi zipatso za zitsamba 4, ndiponso miyala 2 ya m'nthaka yochedwa cinnabar ndi realgar. Miyala iwiriyi muikumbukire.

Wina woyenera kumchula ndi Wang Qingren, munthu wolimba mtima. M'masiku ace mwambo sunali kulola kutumbula mtembo. Mu 1797 mliri unapha ana ambiri m'dera la Luanzhou; amphawi anaika ana ao m'manda osaya, agalu nawafukula. Wang Qingren anapita kumandako masiku 10 otsatana, kuti aone ndi maso ace m'mene ziwalo za m'kati zikhalira. M'buku lace la 1830 anatsutsa akale, nanena kuti nzeru ndi cikumbukiro zikhala mu ubongo, si mumtima ai. Anaphunzitsanso kuti matenda ambiri adza cifukwa ca mwazi woima malo amodzi, nakonza mankhwala oyendetsa mwazi, a nthanga za mapicesi, maluwa ofiira a safflower ndi mizu ina. Mankhwala aceyo, monga ochedwa Xuefu Zhuyu, apatsidwabe ku China kwa anthu amene mutu uwapweteka nthawi yaitali atabvulala. Koma ngakhale iye analakwa pena: poona mitsempha ikulu-ikulu ya mitembo iri yopanda mwazi, anayesa kuti m'menemo muyenda mpweya.

Nanga lero ku China acita bwanji munthu akagwa pa nsanja ya nyumba, kapena akagundidwa ndi galimoto? Acita monga acitira m'zipatala zazikulu za dziko liri lonse. Ambulansi imthamangitsira ku cipatala. Makina ochedwa CT ajambula m'kati mwa mutu. Mwazi ukaoneka, dotolo atenga mpeni. Akalephera kupuma, makina ampumitsa. Imeneyo ndiyo nsima. Zitsamba zibwera pambali pace ngati ndiwo. M'zipatala zambiri za kumeneko muli jekeseni wochedwa Xingnaojing, wopangidwa ndi zinthu 4 mwa 11 zija, popanda miyala iwiri ija, ndipo aperekedwa kwa okomoka pamodzi ndi cithandizo cina conse.

Akatswiri ayesa mankhwala otere pa makoswe obvulazidwa ubongo, ndipo kawiri-kawiri aona kutupa kuli kucepa. Ayesanso pa anthu, ndipo makalata ambiri anena kuti odwala anatsitsimuka msangako. Koma amene anasonkhanitsa makalatawo kuti awasanthule, ambiri mwa iwo a ku China komweko, adandaula zinthu zofanana. Odwala anali ocepa, makumi angapo m'cipatala cimodzi. Kawiri-kawiri dotolo woweruza kuti uyu wacira anali kudziwa amene analandira mankhwala, ndipo maso a munthu aona msanga cimene mtima ufuna. Ambiri sanalondole odwalawo miyezi yambiri kuti aone ngati anabwerera ku nchito. Mlandu waima motere: kapena muli kanthu m'mankhwalawa, koma mboni sizinakwane.

Ndidziwa kuti wina ali kunena mumtima, "Madotolo akana cifukwa mankhwalawo si a kwao." Tamverani izi. Kwa zaka zoposa 30 madotolo a ku Ulaya ndi ku America anali kubaya obvulala m'mutu mankhwala ao-ao ochedwa steroid, pokhulupirira kuti acepetsa kutupa. Pa nyama anali kuoneka othandiza, ndipo dotolo ali yense anali ndi nkhani ya wodwala wace amene anacira nao. Tsono anaganiza zowayesa kweni-kweni. Anatenga odwala 10,008 m'maiko 49, nawagawa pawiri mwa maere. Theka analandira mankhwalawo, theka analandira madzi acabe ooneka cimodzi-modzi, ndipo ngakhale dotolo sanadziwe walandira ciani ndani. Mu 2004 zotsatira zinaturuka: pa masabata 2, mwa olandira mankhwala anafa 21 mwa 100, mwa olandira madzi anafa 18 mwa 100. Mankhwala amene anali kuwakhulupirira anali kupha anthu. Madotolo anaweramitsa mitu, nawaleka.

Muyeso womwewo unapeza mankhwala ena othandiza. Mu 2019 anatsiriza kuyesa tranexamic acid, mankhwala otsika mtengo oletsa kukha mwazi, pa odwala 12,737 m'maiko 29. Anaona kuti apulumutsa ena mwa amene sanabvulale kopambana, makamaka akabayidwa msanga, asanathe maola 3. Taonaninso, nkhani ibwerera pa maola.

Ndipo muyeso umenewu sukondera Mzungu. Inu nonse mudziwa Coartem, mankhwala a malungo amene tilandira ku kiliniki. Gwero lace ndi citsamba ca ku China cochedwa qinghao. Mai Tu Youyou ndi anzace anasonkhanitsa njira za asing'anga akale zoposa 2,000, nayesa zitsamba mazana, ndipo zambiri zinalephera. Mu 1972 anapatula mphamvu ya qinghao, ndipo itayesedwa pa anthu zikwi-zikwi m'maiko ambiri inapambana, kotero kuti mu 2015 maiyo analandira mphotho ya Nobel. Citsamba cimeneco cinalowa pa bwalo la milandu nicituruka colungama. Zitsamba za ubongo wobvulala zikali kuyembekeza pa khomo la bwalolo.

Tsopano titengenso funso lathu lija. Kodi mbulu wa golidi ndiwo unadzutsa mai Liu Hairuo? Taganizani. Madotolo a ku London anasunga moyo wace mwezi woyamba, umene uli woopsa koposa. A ku Beijing anamdyetsa, namteteza ku matenda, namphunzitsanso kulankhula ndi kuyenda. Ndiponso alipo ambiri pa dziko lonse amene atsitsimuka patapita masabata ali cikomokere, osalawa mbulu uli wonse, pakuti kutupa kukatha ubongo uyamba kudzikonza wokha pang'ono-pang'ono. Anthu 10 akakankha galimoto limodzi nililira, ndani angaloze dzanja limene linaliliza? Nkhani ya munthu mmodzi, ngakhale ikome bwanji, siingathe kuweruza mlandu wa mankhwala.

Wina ati, "Ngati sathandiza, saononganso, tiyeni tingoyesa." Iai, abale anga. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ngozi zace ndi izi.

Yoyamba: munthu wokomoka sameza bwino. Mukamthira madzi, phala kapena mbulu wosungunula m'kamwa, zilowa m'mapapo, ndipo angatsamwe pomwepo kapena kudwala cibayo. M'cipatala adyetsa wotere ndi kapaipi kofika m'mimba.

Yaciwiri: mankhwala oyendetsa mwazi acita monga dzina lace linenera. Mizu ina ya ku China, monga danshen ndi danggui, idziwika kuti iwonjeza kukha mwazi mwa anthu akumwa warfarin, mankhwala a cipatala osungunula mwazi. Kupatsa zotere munthu amene mtsempha uli kukha m'mutu mwace ndiko kukumba mfuleni wolowetsa madzi m'nyumba nthawi ya dzinja.

Yacitatu: miyala iwiri ija. Cinnabar ali ndi mercury, ndipo realgar ali ndi arsenic. Zonse ziwiri ndi ciphe. Nzoona kuti ciphe ca m'miyalayi sicilowa m'thupi conse nthawi imodzi, koma ngakhale pepala la m'bokosi la mbuluwo licenjeza kuti usamwedwe nthawi yaitali kapena kupyola muyeso, ndi kuti amai apakati ndi odwala ciwindi kapena impso acenjere nao. Ife amene tidziwa zimene mtovu unacita pa ana a ku Kabwe sitifuna wotiphunzitsa kuopsa kwa zitsulo zolowa m'mwazi.

Yacinai: ndalama ndi cinyengo. Mbulu umenewu uli wokwera mtengo, ndipo kumene kuli mtengo wokwera kuli akuba opanga zonamizira. Boma la China linaletsa nyanga ya cipembere m'mankhwala mu 1993, ndipo kuyambira pamenepo aikamo nyanga ya njati yoweta. Wina akakuuzani kuti wace ndi weni-weni wa cipembere, kumbukirani kuti nyangayo iri cinthu cimodzi ndi zikhadabo zanu, ndi kuti malonda a nyanga anatha zipembere zakuda za m'cigwa ca Luangwa, kotero kuti mu 2003 tinacita kukatenga zina ku South Africa.

Koma ngozi yoposa zonsezi ndi kucedwa. Ola limene muthera kufuna-funa wogulitsa mankhwala ndilo ola limene dotolo analifuna.

Tsono mnzanu akabvulala m'mutu, citani izi. Musamgwedeze, musamkhazike tsonga. Gwirani mutu ndi khosi zikhale zolunjika ndi thupi, pakuti khosi lingakhale lothyoka. Akayamba kusanza, mtembenuzeni thupi lonse pamodzi agonere cammbali, wina atagwira mutu. Bala likamakha mwazi, phimbani ndi nsaru yoyera. Musampatse kanthu kali konse m'kamwa. Itanani a cithandizo coyamba kapena ambulansi msanga-msanga, ndipo muuze dotolo nthawi imene ngozi inacitika, ndi ngati anakomoka.

Ngakhale adzuke nanena kuti ali bwino, akaonedwe ku cipatala, ndipo asagone yekha usiku woyamba. Asamwe mowa, asamwe asipirini. Mubwerere naye pomwepo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona cimodzi ca izi: mutu wonka nupweteka, kusanza kobwereza, tulo tobvuta kumdzutsa, kulankhula zosokonezeka, mkono kapena mwendo wofooka, kugwa ngati wakhunyu, madzi kapena mwazi woturuka m'khutu kapena m'mphuno, kapena kamwana ka diso limodzi kokula kuposa kanzace. Nkhalamba ndi anthu akumwa mowa kwambiri muwayang'anire masabata angapo, pakuti mwa iwo mwazi ungakhe pang'ono-pang'ono, nuonekera patapita mwezi.

Akaturuka m'cipatala, pamenepo nchito ikhala yanu a pabanja. Kucira kwambiri kucitika m'miyezi 6 yoyamba, koma kungapitirire caka ndi zaka. Mwamuna amene anali wofatsa angasanduke wa mtima wapacala. Angaiwale cimene mwamuuza m'mawa. Phokoso la ana lingamsautse. Sanalodzedwe, ndipo sacitira dala. Ndi bala la m'kati limene maso saona. Cimthandiza ndi tulo tokwanira, cakudya cabwino, kuleka mowa, kucita zimene a cipatala amphunzitsa zolimbitsa ziwalo, ndi kuleza mtima kwanu. Mukafuna kuyesa zitsamba pa nthawi imeneyi, za ku China kapena za kwathu kuno, nyamulani bokosi kapena muzuwo mukaonetse dotolo poyamba, ndipo mufunse ngati mankhwala ogulawo analembedwa ndi bungwe la Boma loyang'anira mankhwala, la ZAMRA. Musagulitse njinga kapena makina osokera cifukwa ca lonjezo limene mboni zace sizinakwane.

Kapena tsiku lina kudzaturuka Tu Youyou wina amene adzapeza m'mabuku akale aja mankhwala eni-eni a ubongo, ndipo tsikulo tidzakondwera tonse. Kufikira pamenepo, mankhwala a mutu amene ayesedwa napambana muli nao kale: cipewa colimba cija. Cibvaleni potsika m'mgodi, cikhale cokhazikika bwino pamutu, ndipo cikang'aluka kapempheni cina. Inunso a njinga zamoto, cisoti ndi ca pamutu, si ca pa cigongono.